Khungwa la ku Peru ndi malungo a m'chigwa cha Shire

Ndakhala chete kwa nthawi ndithu, mundikhululukire. Mukudziwa nokha mmene mulu wa mapepala ochonga umammezera munthu kumapeto kwa teremu. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandigwira kwa masabata awiri, ndipo ndi yaitali, choncho khalani pansi.

Inayamba ndi uthenga wa pa WhatsApp. Mmodzi mwa ana anga akale, amene tsopano ndi namwino, wayamba kuphunzira Chisipanishi pa foni madzulo akaweruka. Akuti tsiku lina akufuna kukapitiriza maphunziro kumaiko kumene chimayankhulidwa, ndipo wayambira pa mawu a m'chipatala poti ndiwo amagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku. Funso lake linali lalifupi: "Aphunzitsi, ndapeza mawu awiri, fiebre ndi paludismo. Nanga malungo athuwa ndi ati pamenepa?"

Ine ndine wa mbiri, si wa zinenero, koma funsoli lili ndi mbiri mkati mwake. Yankho lake ndi lakuti onse awiri, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto. Fiebre ndi kutentha kwa thupi, kaya kwabwera ndi chimfine, chibayo, chithupsa kapena china chilichonse. Paludismo ndi nthenda yeniyeni ija yofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo ena amangoti malaria. Koma agogo athu akamati "mwanayu ali ndi malungo" sanali kunena za tizilombo ta m'magazi ayi. Ankanena zimene akuona: thupi latentha, mwana akunjenjemera, m'mfundo monse mukuphwanya, chakudya sakuchifuna. Achipatala atabwera anatenga mawu omwewo n'kuwamangirira pa nthenda imodzi. Mpaka lero mawuwa ali ndi eni ake awiri, wa kumudzi ndi wa kuchipatala.

Anthu a ku Spain nawonso anadutsa momwemo. Kalelo ankati calentura, kuchokera ku mawu otanthauza kutentha, ndipo ankasiyanitsa malungo powerenga masiku. Akakugwira lero, mawa n'kukusiya, mkuja n'kubweranso, amenewo anali terciana, a tsiku lachitatu. Akadumpha masiku awiri n'kubwera mtondo anali cuartana, a tsiku lachinayi. Sankadziwa chimene chinkachititsa zimenezi, koma kuwerenga kwawo kunali kolondola. Lero tikudziwa kuti tizilombo timaswana m'kati mwa maselo ofiira a magazi n'kuwaphulitsa onse nthawi imodzi, mtundu wina pakatha maola 48, wina pakatha maola 72, ndipo kuphulikako ndiko kumabweretsa kuzizidwa ndi kutentha. Mawu akuti paludismo anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza dambo, pamene malaria ndi Chitaliyana, kutanthauza mpweya woipa. Onse ankaloza dambo, ndipo sanaphonye kwenikweni. Chimene sanachione n'chakuti wolakwa si fungo la dambolo koma kanthu kamene kamaswana m'madzi ake. Kanthuko Angerezi amakatcha mosquito, ndipo amenewa si mawu awo, ndi Chisipanishi: mosca ndi ntchentche, mosquito ndi kantchentche. Ku Peru ndi maiko ena a kumeneko amakondanso kunena kuti zancudo, wamiyendo yaitali.

Chimodzi chimene chinandiseketsa pa mndandanda wa mwana wangayu ndi ichi. Mngerezi mutu ukamuwawa amayankhula ngati wanyamula katundu, amati ali ndi kuwawa kwa mutu. Wa Chisipanishi amati me duele la cabeza, ndipo mukamasulira liwu ndi liwu mupeza kuti akunena ndendende ngati ife: ukundiwawa mutu. Ndinamuuza kuti pamenepa asamadutsire ku Chingerezi, angochoka pa Chichewa n'kulumpha.

Koma pali liwu lina la Chisipanishi limene tonse a msinkhu wanga tinalimeza tisanadziwe n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Spain. Liwulo ndi kwinini. Amene munamwapo simungaiwale: kuwawa kwake kosatha ndi madzi, kenako makutu kulira ngati mwalowa njuchi. Liwuli linatifika kudzera m'Chingerezi, koma tsinde lake ndi quina, dzina limene anthu a ku Spain ankatchula khungwa la mtengo wina wa m'mapiri a Andes, ndipo akatswiri ambiri amati iwonso analitola ku Chikechuwa, chinenero cha eni dziko.

Apa pali zinthu zoti tiime pang'ono. Malungo oopsa aja, amene tizilombo take timatchedwa Plasmodium falciparum ndipo ndi amene amatizunza kwambiri kuno ku Malawi, sanali ku America azungu asanafike. Anawoloka nyanja ya Atlantic m'magazi a anthu, makamaka akapolo ochokera ku Africa kuno. Choncho nthenda inachoka kwathu kuno pa zombo za akapolo, n'kukakumana ndi mankhwala ake kutsidya, m'nkhalango za ku Loja, dera limene lero lili m'dziko la Ecuador. Mankhwalawo anatenga zaka zoposa 200 kuti afike m'chigwa cha Shire, ndipo pofika anali m'thumba la munthu wina.

Nthano imene inafala kwambiri imati mkazi wa bwanamkubwa wa Spain ku Peru, mayi wa ku banja la Chinchón, anadwala terciana mu mzinda wa Lima m'zaka za m'ma 1630, anachira ndi khungwali, ndipo pothokoza anayamba kuligawa kwa osauka. N'chifukwa chake ufa wake unkatchedwa polvos de la condesa, ufa wa mayi wolemekezekayo. Nthanoyi ndi yokoma koma si yoona. Buku lolembedwamo zochitika za tsiku ndi tsiku za bwanamkubwayo litafufuzidwa, kunapezeka kuti amene ankadwaladwala malungo anali bamboyo, ndipo za kuchira kwa mayiyo ndi khungwa mulibemo. Komabe bodzali linakhazikika m'sayansi. M'chaka cha 1742 katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anapatsa mtengowu dzina lolemekeza mayi uja, ndipo polemba anaiwala chilembo chimodzi, n'kulemba Cinchona m'malo mwa Chinchona. Cholakwacho chilipobe mpaka lero. Aphunzitsi anzanga a sayansi, nthawi ina mukamadula malikisi chifukwa cha sipelo, muzimukumbukira Linnaeus.

Zimene zili ndi umboni n'zakuti ansembe Achijezuwiti a ku Lima, amene anali ndi nyumba yaikulu yosungira mankhwala, ndiwo anayamba kutumiza khungwali ku Ulaya cha m'ma 1630. M'chaka cha 1638 wansembe wina, Antonio de la Calancha, analemba za mtengo wa ku Loja umene ankautcha árbol de calenturas, mtengo wa malungo. Ku Rome, mzinda umene unazunguliridwa ndi madambo ndipo unkataya anthu ambiri chaka ndi chaka, kadinala wa ku Spain Juan de Lugo analimbikira kwambiri kuti khungwali lidziwike. Linafika mpaka ku China, kumene m'chaka cha 1693 Achijezuwiti anachiritsa nalo mfumu Kangxi. Kumaiko a Chipolotesitanti ambiri ankalikayikira chifukwa cha dzina lake lokha, ufa wa Ajezuwiti. Nkhani ya kukana mankhwala chifukwa cha amene wawabweretsa si ya lero, ndipo si ya kumudzi kwathu kokha.

Kwa zaka pafupifupi 200 anthu ankamwa khungwalo lopera, losakaniza ndi vinyo, osadziwa mlingo wake weniweni, poti mtengo wina unali wamphamvu, wina wopanda kanthu. M'chaka cha 1820 akatswiri awiri a ku Paris, Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou, anakwanitsa kupatula mankhwala enieniwo m'khungwamo. Kuyambira pamenepo kwinini ankatha kuyezedwa pa sikelo n'kunyamulidwa m'kabotolo. M'chaka cha 1854 William Baikie anakwera mtsinje wa Niger ndi sitima, anthu ake akumwa kwinini tsiku lililonse, ndipo anabwerako popanda mzungu ndi mmodzi yemwe womwalira ndi malungo. Maulendo a m'mbuyomo pa mtsinje womwewo ankathera m'manda.

Tsopano tafika kwathu. David Livingstone atalowa mu Shire m'chaka cha 1859 anali ndi mapiritsi akeake a malungo, osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba. Amodzi mwa mankhwala otsegula m'mimbawo anali jalap, muzu umene dzina lake likuchokera ku mzinda wa Jalapa ku Mexico. Taonani, m'piritsi limodzi munali maina awiri ochokera ku maiko a Chisipanishi. Ana athu timawaphunzitsa zolinga za Livingstone mpaka amaziloweza ngati nyimbo, koma sitiwauza chimene chinkamudzutsa pamphasa malungo akamugwetsa.

Kufunika kwa kabotolo kameneka kunaoneka poyera pa nkhani ya Bishopu Charles Mackenzie. Iye anakhazikitsa mishoni ya UMCA ku Magomero m'chaka cha 1861. Kumayambiriro kwa 1862 ananyamuka ndi mnzake Henry Burrup kukakumana ndi Livingstone pamene Ruo amathira mu Shire. Inali nthawi ya dzinja. Ali m'njira bwato lawo linagubuduzika usiku ndipo mankhwala awo anatayika m'madzi, kwinini yemwe. Pofika pa malo okumaniranawo anapeza Livingstone atadutsa kale. Anaganiza zodikira pa kachilumba, pakati pa madzi ndi udzudzu, opanda mankhwala. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862. Burrup ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, koma naye sanakhalitse. Pa 27 Epulo chaka chomwecho Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ndi malungo ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, ngakhale kuti iyeyo kwinini analipo. Mishoni ija inatsikira kwa Chibisa, inataya anthu enanso, kenako inachoka m'dziko muno n'kupita ku Zanzibar.

Ana akamandifunsa chifukwa chimene UMCA inalepherera ku Magomero ndimawapatsa zimene silabasi imafuna: nkhondo ndi ogula akapolo, njala, matenda, kuvuta kwa mayendedwe. Zonsezo n'zoona. Koma mumtima ndimaona bwato lija likugubuduzika.

A Livingstonia atabwera m'chaka cha 1875 anadutsa m'dera lathu lomwe lino. Sitima yawo ya Ilala inaphwasulidwa kumunsi kwa mathithi a Shire, anthu mazanamazana anaisenza pamutu zidutswazidutswa, ndipo inalumikizidwanso kumtunda kwa mathithiwo, cha ku Matope. Anakamanga ku Cape Maclear, malo okongola koma a malungo. Dokotala wawo William Black anamwalira komweko mu 1877. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 Robert Laws anakwera phiri n'kukakhazikika ku Khondowe. Mukayang'ana mapu a mamishoni akale muona kuti ambiri anathawira kumtunda. Nthawi imeneyo n'kuti chifukwa chenicheni chisanadziwike bwino. Alphonse Laveran anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Pamene a Seventh-day Adventist ankatsegula mishoni kuno ku Matandani mu 1908, patangotha zaka 6 chiyambireni ku Malamulo, nkhani ya udzudzu inali itadziwika. Amene munakhalapo kuno ndi ku Lisungwi kapena ku Zalewa mukudziwa kusiyana kwake: kuno Juni akafika timafunda mabulangete awiri, kumunsi kuja munthu amagona akudzikupiza.

Ndinene maganizo anga mosabisa. Kwinini anapulumutsa miyoyo yambiri, ya azungu ndi ya makolo athu omwe, koma ndi yemweyonso amene anatsegula chitseko. Kwa zaka mazana ambiri malungo anali mlonda wa mkati mwa Africa. Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500, koma ankafa kwambiri ndipo sanachuluke. Kwinini atayamba kupezeka wambiri ndiponso wotsika mtengo, m'mishonale, wamalonda, msilikali ndi wokhometsa msonkho onse anatha kukhala ndi moyo kuno. Dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Sindikuti kwinini ndiye anatilamulira, koma popanda iye mbiri ya Fomu 3 ikanakhala ina.

Nanga anatsika mtengo bwanji? Apa ndi pamene pali munthu amene ndikufuna mumudziwe. Anthu osenda khungwa m'nkhalango za Andes ankatchedwa cascarilleros, kuchokera ku cascarilla, kakhungwa. Mitengo inkatha chifukwa chosendedwa mosasamala, ndipo maiko a Peru ndi Bolivia, atalandira ufulu wawo, ankaletsa kutulutsa mbewu zake kuti malondawo asawachoke. Angerezi ndi Adatchi anayesa kuzembetsa mbewu ndi mbande, koma mitengo imene inamera inali ndi kwinini wochepa. Amene ankadziwa kusiyanitsa mtengo wamphamvu ndi wachabe pongoyang'ana masamba ndi khungwa anali mbadwa ya ku Bolivia, Manuel Incra Mamani, amene ankagwira ntchito kwa wamalonda wa ku England, Charles Ledger. Mamani anadikira zaka zingapo kuti mitengo imene anaisankha ibereke bwino, ndipo mu 1865 anabweretsa mbewuzo kwa bwana wake. Boma la Britain silinachite nazo chidwi. Adatchi anagulako pang'ono, paundi imodzi yokha, n'kukadzala pa chilumba cha Java. Mitengo imeneyo inapezeka ndi kwinini wochuluka kuposa ina yonse, ndipo pofika m'ma 1930 pafupifupi kwinini yense wa padziko lapansi, magawo 9 mwa magawo 10, ankachokera ku Java.

Mtengowo anautcha Cinchona ledgeriana, dzina la bwana. Mamani anagwidwa ndi apolisi mu 1871 ali pa ulendo wina wotola mbewu, anamenyedwa koopsa ali m'ndende, ndipo atatulutsidwa anamwalira pasanapite nthawi. Choncho m'dzina la mtengo umodzi muli mayi amene sanachire nawo ndi bwana amene sanausankhe. Wolima ndi wina, wodya ndi wina. Ife a ku Neno, amene makolo athu anasenza Ilala pamutu koma maina awo sanalembedwe paliponse, nkhani yotereyi sitifunika kuimasuliridwa.

Zotsatira zake ndidutsamo mwachangu, poti ambiri mwa inu munaziona ndi maso. Japan italanda Java mu 1942, maiko a azungu anasowa kwinini ndipo analimbikira mankhwala opangidwa m'fakitale. Kolorokwini, amene anapangidwa koyamba ku Germany mu 1934, ndiye analowa m'malo. Ndi uja ankatiyabwitsa thupi lonse usiku mpaka kudzikanda ndi chitsononkho. Tizilombo titamuzolowera, Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya, mu 1993, n'kuyamba Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Mphamvu ya LA ikuchokeranso ku chomera, koma cha ku China, chimene mankhwala ake anapatulidwa ndi gulu la mayi Tu Youyou mu 1972, ndipo mayiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Ngakhale pa malungo aakulu, pamene kwinini wa m'diripi anali mfumu kwa zaka zambiri, bungwe la WHO linalangiza mu 2011 kuti ana azipatsidwa artesunate. Pa 23 Epulo 2019 Malawi linakhalanso loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana pa ndondomeko yoyeserera. Kwinini wakalamba, koma mtengo wake ukadali pa chizindikiro cha dziko la Peru, ndipo aliyense amene anagwirapo ndalama yawo yachitsulo anaugwira.

Peru anabweranso ku Neno kudzera pa khomo lina. Boma lathuli linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo mu 2007 kunafika bungwe la Partners In Health, limene kuno timalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Bungwe lomweli ku Peru limatchedwa Socios En Salud, ndipo m'zaka za m'ma 1990 linagwira ntchito ku Carabayllo, kunja kwa mzinda wa Lima, pa chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, nthenda imene akuluakulu a zaumoyo ankati n'kutaya ndalama kuichiza m'maiko osauka. Anachiza poika anthu a m'mudzi momwemo kuti aziyendera wodwala tsiku ndi tsiku, kumuona akumwa mankhwala ndi kudziwa ngati wadya. Njirayi inayambira ku Haiti, ndipo m'Chisipanishi amaitcha acompañamiento, kuperekeza. Ku Chiapas, m'dziko la Mexico, oyendera odwalawo amatchedwa acompañantes, operekeza. Ife liwuli tili nalo kale, poti kwathu kuno mlendo sabwerera yekha ndipo wodwala sapita yekha kuchipatala. Paul Farmer, mmodzi mwa amene anayambitsa bungweli mu 1987, anamwalira ku Rwanda pa 21 Febuluwale 2022.

Ndipo Chisipanishi sichili kutali nafe monga timaganizira. Kuseri kwa mapiri awa kuli Mozambique, ndipo Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi ana a mayi mmodzi. Kumeneko fiebre ndi febre, dolor de cabeza ndi dor de cabeça, paludismo ndi paludismo yemweyo. Abale athu amene anathawira ku Luwani nthawi ya nkhondo, ndi amene anabweranso kampuyo itatsegulidwanso mu 2016, ena mwa iwo anafika ndi mawu amenewa pakamwa. Nsapato zimene mwavalazo kwa Apwitikizi ndi sapato, ku Spain ndi zapato. Mbatata ndi batata konseko.

Tibwerere ku funso la namwino wathu. Nditamuyankha anandilembera zimene ndakhala ndikuziganiza mpaka lero. Kuyambira pamene zipangizo zoyezera magazi mwachangu zinafalikira m'zipatala zathu, cha m'ma 2011, iye amakumana ndi zomwezomwezo pafupifupi tsiku lililonse. Mayi wabwera ndi mwana wotentha ngati mbaula. Amubaya chala, adikira mphindi zingapo, kachipangizo kaonetsa mzere umodzi. Namwino akuti, "Mayi, mwanayu alibe malungo." Mayi akuyang'ana mwana, akumukhudza pamphumi, akuyang'ananso namwino. Kwa iye wauzidwa kuti mwana wake sakutentha, chinthu chimene dzanja lake likutsutsa. Onse awiri akunena zoona, wina akunena paludismo, wina akunena fiebre. Choopsa n'chakuti mayi uja akatuluka wosakhutira amatha kukagula LA kwina, mwana n'kumamwa mankhwala a nthenda imene alibe, pamene chibayo kapena nthenda ina imene yatenthetsa thupilo ikukula.

Akuti tsopano anasintha kayankhulidwe. Sayambanso ndi "alibe malungo". Amayamba ndi kuvomereza zimene mayi waona: "Zoonadi mayi, thupi latentha kwambiri, mwachita bwino kubwera naye. M'magazimu tizilombo ta udzudzu mulibe, ndiye tiyeni tifufuze chimene chikumutenthetsa." Kenako amamvetsera m'chifuwa, amayang'ana m'makutu ndi kukhosi. Akuti anayamba kuyankhula chonchi atangoona mawu awiri aja atalembedwa moyandikana m'kope lake la Chisipanishi.

Teremu ikubwerayi, tikafika pa mutu wa amishonale oyambirira, ndaganiza zotenga phunziro limodzi lathunthu pa bwato la Mackenzie ndi mbewu za Mamani, ngakhale sizidzabwera pa mayeso a MANEB. Aphunzitsi a sayansi amene mungafune kuti tiphatikize makalasi tsiku limenelo, inu mufotokoze za maola 48 aja ine ndifotokoze za Java, mundipeze mu sitafu rumu Lolemba.